Mamendulo a Mkamwini Wopanda Chimbudzi

Mu ufumu wa Vomerani munali mwamuna wina dzina lake Tobiyasi Kadzuwa. Anabadwira ku Pamtunda, likulu la ufumuwo, kumene dothi lake ndi katondo wofiira, wolimba, woti ukakumba dzenje lero zidzukulu zako zidzalipeza lili chiimire. Koma chikondi sichifunsa dothi. Tobiyasi anakonda mtsikana wa ku Chinyontho, kudambo, dzina lake Velesi, ndipo anapita kukakhala chikamwini pakhomo pa apongozi ake, aNangondo.

Ku Chinyontho mwambo wa kupewana ankausunga kuposa mbewu. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankaonana m'maso, sankakhala pamphasa imodzi, ndipo dzina la mkamwini silinkatuluka pakamwa pa apongozi. ANangondo akafuna kumuuza mawu Tobiyasi ankalankhula ndi mtengo wa mango wa pabwalo, iye ali kuseri kwa nkhokwe kutchera khutu. Zonsezi zinkayenda bwino, kupatula chinthu chimodzi. Chimbudzi pakhomopo chinali chimodzi, cha aNangondo, chomangidwa pamwamba pa chulu monga ankachitira aliyense m'dambomo, ndipo kanjira kokwerera kanalinso kamodzi.

Pakanjira kameneko anakumanapo kawiri. Koyamba aliyense anathawira kwake ngati waona njoka. Kachiwiri anakumana pakhomo penipeni, Tobiyasi akutuluka, chiguduli chotchingira chili m'manja. Tsiku lomwelo ankhoswe anaitanidwa, ndipo aNangondo anakhala pansi moyang'ana mango uja.

"Iwe mango," anatero, "uwauze alendo athuwa kuti nkhope yawo ndaiona mokwanira. Akumbe chawo mvula isanagwe. Tikadzakumananso kachitatu pamalo otere, ukwati watha. Sindinalere mwana kuti ndizichita manyazi m'mawa uliwonse."

Ankhoswe a mbali zonse anati mawuwo ndi oongoka. Tobiyasi anachita mantha enieni, chifukwa Velesi ankamukonda ndi mtima wake wonse. Akanamanga sabata yomweyo pa kachulu kena kamene kanali kuseri kwa nyumba yake, nkhani ino ikanathera pomwepa. Koma sabata yomweyo ndi imene Mfumu Salakwa Wachitatu inaitanitsa bwalo.

Chimene chinaitanitsa bwalolo chinali ofesi ya boma ya ku Chinyontho. Anaimanga motsanzira nyumba yachifumu, maziko omwewo, njerwa zomwezo, ngakhale chimbudzi chamadzi ndi thanki yake yapansi. M'chilimwe makande, dothi lakuda la kudamboko, anauma n'kung'aluka, khoma nalonso n'kung'aluka mpaka mbuzi zinkalowera pamenepo. M'dzinja makande anafufuma, nthaka inakana kumwa madzi a m'thanki, ndipo zimene akuluakulu ankatumiza pansi zinkabwerera. Anthu ankati ndi ofesi yokhayo ya boma imene ukaperekako kanthu yankho limabwera tsiku lomwelo.

Katswiri wa zomangamanga atafunsidwa anagwada nati, "Mwinidziko, dothi la kumeneko ndi lina."

"Lina?" inafunsa Mfumu. "Mu ufumu wanga muli dothi lina? Analilowetsa ndani?"

Nduna ya Zapansi, a Gwadani, inaimirira isanapatsidwe mpata. "Mwinidziko, mwagwira pamene pali chotupa. Pali anthu ogawanitsa mtundu. Amati kwathu makande, kwanu mchenga, kwawo katondo. Lero agawa dothi, mawa agawa ufumu."

Nduna zonse zinawomba m'manja. Katswiri uja anamutumiza kumapiri kukayang'anira ulimi wa nsomba, ndipo lamulo linatuluka dzuwa lisanapendeke: Mfumu imodzi, mtundu umodzi, dothi limodzi. Kuyambira tsikulo dothi lonse la Vomerani linali katondo. Dzenje la chimbudzi lizikhala lakuya misinkhu iwiri ya Mfumu, kuphatikiza chisoti. M'minda ndi m'madimba muzidzalidwa chimanga chokha, monga kumunda wachifumu. Kumanga pachulu kunaletsedwa, chifukwa kumanyoza dothi lozungulira chulucho. Zimbudzi zakale za pachulu, mwa chifundo cha Mfumu, zinaloledwa kukhala mpaka zitagwa zokha.

Tobiyasi anamva lamuloli pamsika wa Nong'onani, kumene anapita kukagula piki. Mthenga atamaliza kulengeza, anthu anavomera monga mwa dzina la dziko lawo, n'kubwerera ku malonda awo.

"Katondo wa chaka chino ndi wakuda bwino," anatero mayi wina woumba miphika, akupukuta dongo m'manja.

"Ndithu," anayankha mnzake. "Dzulo ng'ombe ya achimwene inatitimira mu katondo mpaka m'khosi. Tikaiuze za lamuloli, mwina ituluka."

Bambo wina anali atakhala kumbuyo kwa mulu wa mpunga. Msilikali atamufunsa kuti chimenecho n'chiyani, iye anati, "Ndi chimanga, bwana. Chinangochepa ndi ulemu."

Anthu anaseka chapansipansi, koma Tobiyasi sanaseke. Mumtima mwake munali kukoma. Chibwerereni ku Chinyontho ankamuseka kuti sadziwa kuponda m'matope, kuti amaunga mizere ngati ali kuphiri, kuti mkamwini wa aNangondo anabwera ndi mapazi a kumtunda. Lero Mfumu inali itanena kuti mudzi wonsewo ukuponda dothi la kwawo kwa Tobiyasi. Anabwerera kunyumba piki ili paphewa, akuyenda ngati mwini malo.

Velesi anamudikira adye kaye, kenaka anayamba motsitsa mawu. "Abambo, kuseriku kuli kachulu kaja. Muunjikepo dothi, mukumbe pang'ono chabe, mulukire nsungwi m'kati kuti musagumuke. Akafunsa tidzati ndi khola la nkhunda."

Sanali kunena zachilendo. Mwezi umenewo ku Chinyontho kunamera makola a nkhunda pachulu chilichonse, aakulu bwino, a chitseko cha msinkhu wa munthu. Nkhunda zokha n'zimene zinalibe.

"Ine ndinabadwira pa katondo," anayankha Tobiyasi. "Ndimamudziwa. Ndikukumbira dzenje loti amayi akadzaliona adzauza mango kuti mwana wawo anakwatiwa."

"Si mango amene akufuna chimbudzi, abambo."

Koma chosamva anachiphikira m'masamba. M'mawa mwake Tobiyasi anayamba kukumba pakati pa bwalo lake, poonekera. Dothi linkamatirira ku piki ngati phula. Atafika m'mawondo, pansi panayamba kunyezimira. Atafika m'chiuno, madzi anali m'akakolo. Anakapa ndi chidebe, madzi anabwerera. Anakapanso, m'mbali munagumuka. Pofika tsiku lachitatu munali mutalowa achule.

Ali chiimire m'madzimo, kunafika Woyang'anira Maenje a Ufumu, a Penyani, atanyamula nsungwi yodulidwa pa msinkhu wa Mfumu. Anasuzumira nthawi yaitali. Tobiyasi anadziwa kuti kwake kwatha, chifukwa munthu wopeza madzi pamene lamulo lati palibe madzi ndiye kuti wawabweretsa yekha.

"Dothi ili ndi lanji?" anafunsa a Penyani.

"Katondo, bwana."

"Chimbudzi cha pa katondo chimakhala ndi madzi?"

"Ayi, bwana."

"Apa pali madzi?"

Tobiyasi anayang'ana miyendo yake. "Akuoneka ngati alipo, bwana."

"Ndiye kuti ichi si chimbudzi." A Penyani anavula chipewa. "Bambo, Mfumu italowa ufumu inalonjeza chitsime m'mudzi uliwonse, ndipo adani akhala akunena kuti sichinaoneke ndi chimodzi chomwe. Inu mwakumba choyamba."

Sabata isanathe dzenjelo linazingidwa ndi mpanda, pachipata n'kukhomapo dzina loti Chitsime cha Salakwa. Analengeza kuti wodetsa chitsime cha Mfumu ndi woukira. Tobiyasi anamuveka mendulo yamkuwa, ndipo anamuuza kuti mendulo yachifumu sivulidwa, kaya pogona kaya posamba.

Kunena zoona, inamukhala bwino. Anapita nayo kumsika osafuna kugula kanthu.

"Mwapambanatu, a Kadzuwa," anatero mayi woumba miphika uja. "Ena akakumba chimbudzi amangopeza chimbudzi."

Tobiyasi anakumba dzenje lachiwiri kumunsi, pafupi ndi dimba lake, kumene chimanga chake chinali chitaima m'madzi, chachikasu, chosafika ndi m'mawondo momwe, pamene kwa anzake chimanga chochepa ndi ulemu chija chinali chitawirira. Kumeneko madzi anamupeza asanafike n'komwe m'chiuno. A Penyani anabwera, anavula chipewa, ndipo mendulo inakhala yachiwiri. Tsopano Tobiyasi akamayenda ankalira ngwee, ngwee, ngati ng'ombe yotsogolera.

Kulirako kunali ndi ubwino wake. M'mawa akamakwera kanjira ka kuchulu cha apongozi, aNangondo ankamumvera patali n'kupatuka. Velesi naye ankaima pakona ya nyumba ngati mlonda, kukhosomola mayi ake akanyamuka. Ukwati unapachikika pa chifuwa cha mkazi ndi mkuwa wa mwamuna, ndipo kumwamba mitambo inayamba kuda.

Tsiku lina Velesi ankamata mng'alu wa khoma la nyumba yawo, umene unali utakula moti ankaonera nkhuku panja ali chigonere. Analankhula osatembenuka.

"Abambo, amayi sabweza mawu. Bambo anga anapita chifukwa cha mbuzi imodzi imene inadya mbatata. Ine sindikufuna mupite. Mamendulowo sangandifunditse."

Tobiyasi anayang'ana msana wa mkazi wake, manja ake odzaza matope akuda, ndipo manyazi anamugwira. Anaona kuti wakhala akukangana ndi dambo pofuna kuti anthu asiye kumuseka, pamene amene ankamufuna analipo kale, akumata khoma. Anati, "Mawa ndimanga khola la nkhunda."

Mawa lakelo kunadzuka magalimoto. Mfumu Salakwa Wachitatu inali itaganiza zobwera yokha kudzatsegulira zitsime zake. Asilikali anadzaza pakhomo. Kachulu ka kuseri kaja anakagumula tsiku lomwelo n'kukathira mumsewu pamene galimoto ya nduna inatitimira. Tobiyasi anaimirira n'kumaonerera khola lake likupita pa wilibala.

Kenaka panabuka nkhani ya mpando. Mpando wachifumu ndi wolemera, ndipo Mfumu nayo sidya pang'ono. Anauika pabwalo n'kukhazikapo nduna yonenepa kuti ayese, miyendo ya mpando inalowa pansi. Anausunthira pansi pa mango, inalowanso. Anayesa paliponse, nduna ija ikutsika pang'onopang'ono ngati dzuwa. A Gwadani anatuluka thukuta, chifukwa Mfumu yotitimira mu katondo ndi nkhani yoti nduna imathera nayo kumapiri kuweta nsomba. Atakweza maso anaona chulu cha aNangondo.

"Apo," anatero. "Pokwera bwino, anthu onse adzaiona."

Kanyumba ka chimbudzi kaja anakagwetsa. Pabowo anayalapo matabwa, pamatabwa mkeka wofiira, pamkeka mpando. Nduna yonenepa inakhalapo, inadumphadumpha, mpando sunasunthe. ANangondo anaonerera zonsezi manja ali kumbuyo, kenaka anapita pa mango.

"Iwe mango, uwathokoze alendo athu. Atibweretsera ulemu waukulu pakhomo."

Tsiku la mwambo kunatentha kwambiri, kutentha kwa mvula ili pafupi. Mfumu inakwera pachulu, nthungululu zili wiriwiri, ndipo inalankhula nthawi yaitali za umodzi.

"Adani amati dothi la kuno ndi lofewa," inatero. "Amati silinganyamule nyumba. Taonani! Landinyamula ine!" Inaponda mwamphamvu ndi phazi, ndipo pansi panayankha kuti gunguu, ngati ng'oma yaikulu. "Mwamva? Dziko likuvomera!"

Anthu onse a ku Chinyontho ankadziwa chimene chinkavomeracho, popeza ambiri a iwo anathandizapo kuchidzaza pa maliro ndi pa zinkhoswe. Amayi anaphimba kumaso ndi zitenje, mapewa akugwedezeka. A Gwadani ananong'oneza Mfumu kuti anthu akulira ndi chimwemwe. Dzuwa litafika pamutu Mfumu inanunkhiza mphepo, ndipo a Gwadani anafulumira kunena kuti limenelo ndi fungo la chonde. Mfumu inalamula kuti alembi a nyimbo alitchule m'nyimbo ya fuko.

Amene akudikira kumva kuti Mfumu inagweramo andikhululukire. Chulu n'cholimba. Ndicho chifukwa chake anthu a kudambo amamangapo.

Anatunga madzi a m'chitsime choyamba m'chikho chasiliva n'kupereka kwa Mfumu. Inawayang'ana, inaona kanthu kakusambira, ndipo mwa kuwolowa manja kwake inapatsa a Gwadani, amene anamwa onse akumwetulira. Kenaka anaitana Tobiyasi, anamutcha Mkumbi Wamkulu wa Ufumu, n'kumuveka mendulo yachitatu. Pomaliza analengeza kuti pamene Mfumu yakhala ndi malo opatulika. Chulu cha aNangondo chinazingidwa ndi waya, ndipo anasiyapo msilikali wa mfuti.

Magalimoto atangochoka, mvula inagwa. Inagwa ngati yakhala ikudikira kuti alendo apite.

Tsopano pakhomo pa aNangondo panali zitsime ziwiri zachifumu, malo opatulika amodzi ndi mamendulo atatu, koma pokadzithandiza panalibe. Tobiyasi anapita kwa mnansi wake, a Chidzanja, amene anali ndi khola la nkhunda lokongola, lofolera bwino.

"Achimwene, mundibwerekeko khola lanu kanthawi kochepa."

A Chidzanja anayang'ana mamendulo aja, anayang'ana msilikali pachulu, anakanda m'mutu. "Pepani, a Mkumbi Wamkulu. Nkhunda zikufungatira."

Kulikonse kumene anapita nkhunda zinali zikufungatira. Munthu wa boma palibe amene akanamuonetsa m'kati mwa khola. Ndipo zimene Tobiyasi sanadziwe n'zoti apongozi a munthu wa boma nawonso ankayankhidwa chimodzimodzi.

Kutacha, dambo lonse linali madzi okhaokha. Malo ouma obisika anatsala amodzi, kachitunda ka bango kumapeto kwa madimba. Tobiyasi anapirira mpaka pamene munthu sangapirirenso, ndipo anauyamba ulendo. Atangotuluka, mamendulo anayamba nyimbo yawo, ngwee, ngwee, ngwee. Anaima. Anaganiza za mudzi wonse ukumva Mkumbi Wamkulu wa Ufumu akupita kuthengo, anaganiza za mayi woumba miphika ndi zimene akanakanena kumsika. Anawafumbata onse atatu m'dzanja, n'kuwakanikiza pachifuwa kuti asalire. Anayenda mwakachetechete ngati mphaka, kwa nthawi yoyamba chivalireni mkuwa.

Anapatula bango ndi dzanja linalo.

ANangondo anali momwemo. Iwo ankatchera khutu kudikira kulira kwa mkuwa, monga anazolowera, ndipo sanamve kanthu.

Tobiyasi anafuna kuthawa koma matope anamugwira mapazi. ANangondo sanathawe. Anakonza chitenje chawo modekha, anadutsa pambali pake, n'kumapita kunyumba madzi ali m'mawondo.

Tobiyasi anabwerera dzuwa litakwera, akukokera miyendo, akukonza mawu oti akanene kuseri kwa nkhokwe kuti mango akamupepesere. Anali wokonzeka kugwada m'matope tsiku lonse. Anali wokonzeka kusenza dothi pamutu mpaka ataumba chulu chakechake. Atafika pabwalo anapeza mphasa itayalidwa pansi pa mango, aNangondo atakhala, pambali pawo pali chikho cha thobwa. Sanayang'ane mtengo. Anayang'ana iye, m'maso mwenimweni, nkhope yawo ili yofatsa.

"Tobiyasi," anatero. "Bwera ukhale apa, mwanawe. Umwe thobwa."

Chikwatirireni anali asanamvepo dzina lake pakamwa pawo. Analimva ngati nkhwangwa. Munthu amene apongozi amuyang'ana m'maso, kumutchula dzina ndi kumuitanira pamphasa, ndiye kuti salinso mkamwini. Pakhomo pa nyumba yake yong'aluka panali mtolo wa zovala womangidwa bwino, piki itatsamira pambali. M'kati Velesi ankalira, ndipo kulirako kunkatulukira pamng'alu uja.

Tobiyasi anakhala pamphasapo n'kulandira chikho cha thobwa. Anafuna kunena kuti anali atavomera kale zomanga pachulu, kuti anachedwa ndi tsiku limodzi lokha. Misozi inagwera m'thobwa.

"Sindiwe munthu woipa," anatero aNangondo. "Ndiwe wakhama. Ndakhala ndikukuonera pakona ya diso, umakumba bwino kwambiri." Anamulandira chikho chija. "Ukafika kwanu ukakumbe. Kumeneko dothi limamvera Mfumu."

Tobiyasi anasenza mtolo wake, piki paphewa. Podutsa pa chulu msilikali uja anaona mamendulo, anagunditsa nsapato n'kumuchitira sawasha. Iye anatsika mumsewu wa ku Pamtunda akulira ngwee, ngwee, ndipo mudzi wonse unamumva mpaka atawoloka dambo.